Injiniya akufuna kukhala loya wa ma patent: ayambire pati?

Magetsi_Eng: Akuluakulu, moni pagulu pano. Ine ndinaphunzira uinjiniya wa zamagetsi, ndipo ndakhala ndikupanga ma circuit kwa nthawi ndithu. Masiku ano mtima ukundikokera ku ntchito ya ma patent, zikalata za boma zija zoteteza chinthu chatsopano chimene munthu watulukira kuti ena asachikopere. Funso langa ndi ili: kodi ndiyenera kubwerera kusukulu kukayamba zamalamulo kuchokera pansi, kapena digiri yangayi ikhoza kundilowetsa? Ena akuti popanda digiri ya malamulo ndingoiwalako, ena akuti maloya a ma patent ambiri sanapondeko m'kalasi ya malamulo. Akunena zoona ndani?

Wachidwi: Ndakoka mpando, ndimvere nawo. Ine ndimayesa loya ndi loya basi.

Mayi Claims: Onse akunena zoona achimwene, kungoti aliyense akukamba za dziko lake. Ndiyambe ndi America. Kumeneko, kuti munthu aloledwe kulembera anthu ma patent ndi kuwaimira ku ofesi ya boma yoona za ma patent, USPTO, ayenera kukhoza mayeso a ofesiyo, omwe anthu amangoti patent bar. Pa mayeso amenewa safunsa digiri ya malamulo, amafunsa sayansi. Ngati muli ndi digiri ya uinjiniya, physics, chemistry, biology kapena computer science, khomo ndi lotsegula. Ngati digiri yanu siili pa mndandanda wawo, amawerenga makosi amene munatenga, mwachitsanzo ma semester hour 24 a physics kapena 30 a chemistry. Palinso njira yodzera pa mayeso a mainjiniya otchedwa FE.

Mayesowo ali ndi mafunso 100, maola 6, ndipo muyenera kupeza 70 peresenti. Ambiri amachokera m'buku lalikulu la ndondomeko za ofesiyo, MPEP. Amakulolani kulitsegula pa kompyuta mayeso ali mkati, koma musasangalale msanga, bukulo ndi lalikulu moti amene sakulidziwa nthawi imamuthera akufufuza.

Mukakhoza muli opanda digiri ya malamulo mumatchedwa patent agent. Mukawonjezera sukulu ya malamulo, zaka 3, n'kukhoza mayeso a uloya, ndiye mumatchedwa patent attorney. Pa nkhani za ma patent ku USPTO awiriwa amagwira ntchito yofanana. Kusiyana n'kwakuti agent sangakaime kukhoti, sangalembere kasitomala mgwirizano wa laisensi, ndipo za ma trademark, zizindikiro za malonda, sangazigwire.

Mlendo wa ku Munich: Mwafotokoza bwino amayi. Kuno ku Ulaya zinthu zinapendekera kwambiri ku sayansi. Munthu amene timamutcha European patent attorney kawirikawiri si loya konse. Ndi injiniya kapena wasayansi amene analowa mu ofesi ya ma patent attorney ngati wophunzira ntchito, n'kukhala pansi pa munthu wodziwa kwa zaka pafupifupi 3, kenako n'kulemba mayeso otchedwa EQE a ofesi ya ma patent ya ku Ulaya, EPO. Kwa zaka zambiri mayesowo anali mapepala anayi. Pepala A umalemba ma claim (ziganizo zonena chenicheni chimene patent ikuteteza), B umayankha zimene ofesi yakana, C umalemba zotsutsa patent ya munthu wina, D ndi malamulo. Posachedwapa asintha kakonzedwe kake, koma zimene amayesa ndi zomwezo. Pepala C ndi limene linkaliza anthu. Amakupatsa patent, kalata ya kasitomala ndi mulu wa zikalata zakale, iwe upeze wekha kuti chikalata chiti chikugwetsa claim iti, ndipo uyang'anitsitse masiku, chifukwa china chimaoneka chokoma koma chinatuluka mochedwa ndipo sungachigwiritse ntchito.

Ku Britain n'chimodzimodzi. Bungwe lawo la CIPA linayamba mu 1882, ndipo ambiri mwa mamembala ake si ma solicitor, maloya wamba a kumeneko.

Magetsi_Eng: Ndiye kuti ndikhoza kungolembetsa mayeso a ku America kapena a ku Ulaya, ndikakhoza n'kuyamba ntchito?

Mlendo wa ku Munich: Apo pali kampanda kena achimwene. EPO imafuna kuti wolowa pa mndandanda wake akhale nzika ya limodzi mwa mayiko a mgwirizano wa ma patent wa ku Ulaya ndipo azigwirira ntchito komweko, ngakhale za unzika nthawi zina amakhululuka munthu akapempha. USPTO nayo imayang'ana unzika kapena chilolezo chokhalira m'dzikomo. Chilolezo cha ntchito imeneyi chimatsata dziko, monga momwe patent yeniyeniyo imathera pa malire a dziko. Choncho yambani mwadzifunsa kumene mukufuna kukagwira.

Loya Wamakani: Ndiloleni ndiikepo mlomo, chifukwa mukukamba ngati umwini wa luso ndi ma patent okha. Ine sayansi ndinasiyana nayo ku sekondale, koma ndimadya za nkhani zomwezi. Ma trademark, copyright, zinsinsi za kampani, ma laisensi, zonsezi sizifuna digiri ya physics. Ngakhale milandu ya ma patent kukhoti ku America, loya aliyense akhoza kuiyankhula popanda patent bar. Woweruza naye nthawi zambiri si wasayansi, ndipo a jury ndi anthu wamba. Chimene chimapambanitsa mlandu pamenepo ndi kutha kufotokozera munthu wosadziwa kanthu mpaka amve. Injiniya akaima kutsogolo amayamba ndi ma formula, pofika mphindi khumi a jury onse akusinza.

Ndipo mpanda wa sayansiwo uli ndi zodabwitsa zake. Munthu wa digiri ya masamu sali pa mndandanda woyamba wa USPTO. Wa masamu! Pamene ma patent ochuluka masiku ano ndi a ma algorithm. Ku Japan mayeso a benrishi safunsa digiri ya sayansi, koma sitinamve kuti ma patent a ku Japan ndi opepera.

Wachidwi: Kkkkk dzina lija simunalitole panjira, makani alipodi.

Dr Labu: Za kukhoti ndikuvomerezani a Wamakani, koma pa kulemba ayi. Tabwerani mudzalembe patent ya antibody muli opanda biology, tione. Wasayansi akukuuzani za ma sequence, za mmene mankhwala akumatirira pa protein, inu simudziwa n'komwe funso loti mumufunse. Kumbali yathu ya mankhwala ndi biotech, lamulo limangofuna digiri yoyamba, koma maofesi ambiri olemba ntchito amafuna PhD. Chifukwa chake n'chosavuta: makasitomala ake onse ndi ma PhD, ndipo sakhulupirira munthu amene sanagwirepo pipette. Anzathu a zamagetsi ndi makina ali ndi mwayi, digiri yoyamba imakwanira, ndipo amafunidwa kwambiri chifukwa ma patent a mafoni, ma chip ndi mauthenga ndi ochuluka zedi.

Onani mlandu wa Myriad mu 2013. Khoti lalikulu la ku America linagamula kuti DNA yongochotsedwa m'thupi, monga ma gene a BRCA1 ndi BRCA2, singapatsidwe patent, koma cDNA, yopangidwa mu labu, ikhoza. Loya amene sakudziwa kusiyana kwa ziwirizo angamulangize bwanji kasitomala m'mawa mwake?

Loya Wamakani: Amalemba katswiri n'kumufunsa. Ndi mmene timachitira pa milandu ya zachipatala, sitikhala madokotala.

Dr Labu: Pa mlandu umodzi waukulu zimenezo zimatheka. Koma munthu wolemba ma application, zikalata zopempha patent, mwezi ndi mwezi sangamalipire katswiri pa ndime iliyonse.

Mayi Claims: Nonse muli ndi mbali yanu, koma ndikuopa kuti achimwene athu a Magetsi atuluka muno akuganiza kuti digiri yawo ndiyo ntchitoyo. Digiri imangokulowetsani pakhomo. Ntchito yeniyeni ndi kufunsa ndi kulemba. Ndikupatseni chitsanzo.

Tiyerekeze wabwera injiniya ndi kachipangizo kozimitsa pampu thanki ikadzaza. Akuti, "Ndaika kampira kapulasitiki koyandama, madzi akakwera kamakankha switch." Iye wakondwa, akufuna mulembe zimenezo. Mukalemba momwemo mwamupha. Mpikisano wake adzangosintha pulasitiki n'kuika chitsulo chopanda kanthu mkati, basi wadutsa. Ndiye mumayamba kumufunsa. Kodi chiyenera kukhala cha pulasitiki? Ayi. Chiyenera kukhala chobulungira? Ayi. Chiyenera kukhudza switch, kapena maginito angagwire ntchito yomweyo? Apa amakhala kaye chete, kenako akuti, "Eya, maginito angathe, mwinanso bwino." Nanga ndi madzi okha, mafuta ayi? Mukamafika kumapeto mumapeza kuti chatsopano chake si kampira konse, ndi kanjira kamene anaika kochedwetsa kuzimitsa kuti pampu isamangoyaka n'kuzima madzi akamagavira. Iye sanakatchule n'komwe chifukwa kwa iye n'kachabechabe.

Claim ili ngati malire a munda. Mukaika zikhomo pafupi kwambiri, anzanu alima mpaka pakhomo panu. Mukaziika kutali kwambiri, mwalowa m'munda wa wina amene analima kale, ndipo examiner, woyesa ma application ku ofesi ya ma patent, akuzulirani zonse. Ndiye mumalemba claim yoyamba yotambasuka, pansi pake zina zocheperachepera, kuti yoyambayo ikagwa mukhale ndi pothawira. Choopsa n'chakuti mukapereka application simungawonjezeremo chinthu chatsopano. Maginito aja mukaiwala kuwatchula tsiku loyamba, apita. Ku EPO ndiye pa nkhani imeneyi alibe chisoni ngakhale pang'ono.

Magetsi_Eng: Eeh, ndiye ntchitoyi ndi yolemba kwambiri kuposa mmene ndimaganizira.

Mayi Claims: Kulemba ndi kuwerenga, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndaona mainjiniya anzeru kwambiri akubwerera ku ntchito yawo yakale chifukwa chiganizo chimodzi cha mizere khumi ndi isanu chinkawapweteka mutu. Claim iliyonse ndi chiganizo chimodzi, ngakhale italike bwanji. Ndipo khoti limadzaiwerenga patapita zaka zambiri, ndi maloya a mbali inayo amene alipidwa kuti apeze pobowoka. Kuyambira pa mlandu wa Markman mu 1996, ku America ndi woweruza amene amagamula tanthauzo la ma claim, osati jury, ndipo milandu yambiri imathera pomwepo.

Agogo Physics: Ana inu musaiwale kuti Albert Einstein anali wa ntchito yomweyi. Anagwira ku ofesi ya ma patent ku Bern kuyambira 1902 mpaka 1909, ndipo mapepala ake otchuka a 1905 anawalemba ali komweko.

Mlendo wa ku Munich: Agogo, pepani ndikonzeko pang'ono. Einstein anali mbali inayo ya tebulo, anali woyesa ma application a anthu, osati wowalembera. Koma mwatikumbutsa njira yabwino. U-examiner sufuna digiri ya malamulo, umafuna sayansi, ndipo ofesi imakuphunzitsa yokha. Ambiri amayambira kumeneko kenako n'kudumphira ku maofesi a maloya, ndipo amakhala akuthwa chifukwa amadziwa mmene examiner amaganizira. Ku EPO chovuta ndi zilankhulo, pamafunika Chingerezi, Chifalansa ndi Chijeremani, ngakhale amalandira munthu wodziwa bwino china n'kumaphunzira zotsalazo.

Agogo Physics: Chabwino mwanawe, ndiye ndikupatse wina amene sunganditsutse. Chester Carlson. Anaphunzira physics ku Caltech, n'kumagwira ntchito mu dipatimenti ya ma patent ku New York, malamulo ankaphunzira usiku. Anatopa ndi kukopera zikalata ndi zojambula za ma patent, ndiye anayamba kuyesayesa njira yokopera. Mu 1938 anatulutsa kope loyamba, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera makina a Xerox. Fotokope imene mumajambulitsa ma satifiketi anu inabadwa chifukwa cha kutopa kwa munthu wa ma patent.

Dr Labu: Ine wanga ndi Pauline Newman. PhD ya chemistry ku Yale, anagwirako ntchito ya kafukufuku, kenako malamulo, ndipo mu 1984 anakhala woweruza ku Federal Circuit, khoti limene limamva ma apilo onse a ma patent ku America kuyambira 1982. Atsikana a sayansi amene muli muno mukungowerenga osayankhula, njira imeneyi ndi yanunso.

Wa ma Code: Ine funso langa ndi lina. Ndi nzeru kulowa ntchito imeneyi panopa? AI ikulemba kale ma draft. Komanso kumbali yathu ya software, chichokereni mlandu wa Alice mu 2014, ma application ambiri ku America amakanidwa kuti ndi ganizo chabe loikidwa pa kompyuta. Ku Ulaya nako mgwirizano wawo umati pulogalamu ya kompyuta payokha siilandira patent, mpaka uonetse kuti ikuthetsa vuto la ukadaulo.

Mayi Claims: Zimene mwatchulazo ndi zimene zimatipatsa ntchito achimwene. Kukanakhala kosavuta, mainjiniya akanamadzilembera okha. Pambuyo pa Alice, munthu wodziwa kufotokoza kuti pulogalamu ikusintha chiyani m'kati mwa makina, memory ikugwiritsidwa ntchito bwanji, uthenga ukufulumira pati, ndi amene amadutsitsa application. Wosadziwa software amangolemba kuti "kompyuta ikuwerengera" ndipo amakanidwa. Za AI, imathandiza kufufuza ndi kulemba mbali zofotokozera, sindikana. Koma kanjira kochedwetsa kaja, kamene mwini wake sanakatchule, simungakapeze popanda kukhala naye pansi n'kumuona pamene wazengereza kuyankha. Komanso samalani, kuika chinsinsi cha kasitomala mu chida cha pa intaneti application isanaperekedwe ndi kuitana mavuto.

Loya Wamakani: Ndipo AI yomweyo yabweretsa milandu yatsopano, ife tikudya. Stephen Thaler anayesa kulembetsa makina ake a DABUS ngati mwini nzeru. Ku America anakana, EPO inakana, khoti lalikulu la ku Britain linakana mu 2023, onse akuti wotulukira chinthu ayenera kukhala munthu. South Africa ndi imene inapereka patent mu 2021, koma kumeneko sankayesa ma application mozama, ankangoona ngati mapepala ali m'malo.

Wachidwi: Poti mwatchula South Africa, mu Africa muno ntchitoyi imayenda bwanji?

Loya Wamakani: South Africa ndiye inamanga mipanda iwiri. Kuti utchedwe patent attorney uyenera kukhala loya wovomerezeka, ukhalenso ndi maphunziro a sayansi kapena uinjiniya, kenako ukhoze mayeso a ma patent. N'chifukwa chake ndi ochepa. Mayiko ena ambiri amadzera ku ARIPO, ofesi ya ma patent yogwirira mayiko angapo pamodzi, imene likulu lake lili ku Harare ndipo ma patent ake amayendera Harare Protocol ya 1982, pamene olankhula Chifalansa ali ndi OAPI ku Yaoundé. Ntchito yochuluka kumeneko ndi kulandira ma application olembedwa kale kunja n'kuwapereka m'dzina la eni ake, ndipo amaigwira ndi maloya wamba. Olemba claim kuchokera pa pepala loyera ndi osowa. Ndikuvomera monyinyirika kuti apa injiniya wodziwa kulemba angakhale wamtengo wapatali.

Dr Labu: Lembani tsiku la lero, a Wamakani avomera kanthu.

Magetsi_Eng: Kkkk. Koma ndifunse chimene chikundisowetsa tulo. Ndikalowa, uinjiniya wanga sufa? Ine ndimakonda kugwira soldering iron.

Mlendo wa ku Munich: Ndikuuzeni mosabisa, kupanga zinthu ndi manja mudzasiya. Mudzadziwa pang'ono za zinthu zambirimbiri, lero batire, mawa antenna, mkuja makina a m'chipatala, ndipo mudzaziona dziko lisanazione, chifukwa application imasindikizidwa pakatha miyezi 18. Koma dzina lolembedwa ngati wotulukira silidzakhala lanu. Ena zimawakomera, ena zimawawawa mpaka kalekale. Ndipo pakapita zaka, zimene munaphunzira kusukulu zimakalamba. Chimene chimatsala ndi kutha kumva msanga chinthu chachilendo ndi kusachita manyazi kufunsa funso looneka lopusa.

China chimene sanakuuzeni ndi kalendala. Mukapereka application m'dziko limodzi muli ndi miyezi 12 yoti mupereke kwina n'kusunga tsiku loyambalo, ndi lamulo la Paris Convention ya 1883. Mukadzera njira ya PCT, yopempha patent m'mayiko osiyanasiyana ndi application imodzi, m'mayiko ambiri muli ndi miyezi 30. Kutsutsa patent ku EPO ndi miyezi 9 kuchokera pamene ofesiyo yaivomereza. Patent imakhala zaka 20 kuchokera tsiku loperekera application, ndipo tsiku limodzi lophonya likhoza kutayitsa kasitomala zaka zonsezo. Anthu a ntchito ino amadzidzimuka usiku n'kuyamba kuwerenga miyezi pa zala.

Dr Labu: Onjezeraniponso asayansi okonda kulalikira. Wina amakuimbira foni mokondwa kuti, "Ndafotokoza zonse ku msonkhano sabata yatha, anthu anaomba m'manja, tsopano tilembe patent." Ku America pali chaka chimodzi chachisomo ngati wadziululira wekha. Ku Ulaya kulibe, chinthucho chafa basi. Theka la ntchito yanga ndi kupempha anthu ophunzira kwambiri kuti atseke pakamwa kwa milungu iwiri.

Wa ma Code: Nanga amene anaphunzira zojambula ndi kukonza maonekedwe a zinthu? Mchemwali wanga anachita industrial design.

Mayi Claims: Auzeni kuti kuyambira mu 2024 USPTO inatsegula khomo lapadera la ma design patent. Anthu a industrial design, architecture ndi zaluso akhoza kulemba mayeso n'kumaimira anthu pa ma patent a maonekedwe okha, osati a kagwiridwe ka ntchito. Ndi yankho laling'ono ku dandaulo la a Wamakani lija.

Loya Wamakani: Laling'ono kwambiri. A masamu akadali panja.

Magetsi_Eng: Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Ndiye ndisathamangire sukulu ya malamulo?

Mayi Claims: Musathamange. Sukulu ya malamulo ndi zaka ndi ndalama, ndipo anthu ena amakazindikira atamaliza kuti ntchitoyo sakuikonda. Yambani ndi zaulere. Tsegulani Espacenet kapena Google Patents, sakani ma patent a zinthu zimene mumapanga kuntchito. Musawerenge chiyambi, pitani kumapeto kuli ma claim. Kenako tsegulani mbiri ya fayiloyo, imapezeka poyera, muone kalata ya examiner yokana ndi mmene loya anayankhira, mawu amene anawonjezera ndi amene anakana kuchotsa. Mukatero tengani chinthu chilichonse chili patebulo panu, kaya ndi stapler, mulembe claim imodzi yochifotokoza popanda kutchula dzina lake. Muitumize muno tiiboole.

Ngati kuntchito kwanu kuli anthu oona za ma patent, pemphani kuti muzikhala nawo pamene akufunsa mainjiniya. Maofesi ambiri amalembanso anthu ngati inu pa udindo wa technical specialist kapena trainee, ndipo ena amalipirira maphunziro munthu akaonetsa kuti dzanja lake likulemba.

Loya Wamakani: Claim ya stapler ikabwera mundiitane. Ndikufuna ndione ngati munthu wopanda physics sangaipezere pobowoka.

Magetsi_Eng: Ndayamba kale, koma ndakakamira pa kachitsulo kopinda mawaya pansi paja. Ndikatchule kuti chiyani osanena kuti ndi ka stapler?

Mlendo wa ku Munich: Musafunse kuti n'chiyani, funsani kuti kamachita chiyani. Ndipo kodi kayenera kukhala pansi?